Situdiyo ya zotolatola iziyesedwa ndi khutu

M'zaka zaposachedwapa okonza zionetsero zikuluzikulu za luso akopeka kwambiri ndi wailesi. Pakati pa zojambula ndi zosemasema, mlendo amapezanso kanyumba ka matabwa akale, malata a dzimbiri ndi zitseko zotola, m'kati mwake muli tebulo, maikolofoni awiri kapena atatu ndi kanyale kofiira, pakhomo atalemba kuti iyi ndi wailesi ya anthu a m'dera. Mu 2013 Thomas Hirschhorn wa ku Switzerland anamanga chinyumba cha matabwa pabwalo la nyumba za boma za Forest Houses ku Bronx, mu mzinda wa New York, chokumbukira Antonio Gramsci, mlembi wa ku Italy amene anazunzika m'ndende za Mussolini, ndipo chimodzi mwa zipinda zake chinali situdiyo ya wailesi. Gulu la Chimurenga la ku Cape Town, lomwe linayambitsa wailesi ya Pan African Space Station mu 2008, lakhazikitsapo situdiyo yake kwa masiku owerengeka m'nyumba za zionetsero ku Paris, London, New York ndi Harare. Chionetsero cha documenta, chimene chimachitika zaka zisanu zilizonse ku Kassel m'dziko la Germany, chinali ndi wailesi mu 2017 komanso mu 2022. Zinthu zikayamba chonchi kunja sizichedwa kufika pa zikondwerero zathu za luso, ndiye ndi bwino tikambirane msanga za muyeso woyezera tinyumba timeneti.

Kanyumba kotere kali ndi malo ake m'chionetsero, ndipo kumangira zinthu zotayidwa ndi nzeru. Koma muyeso wake ukhale uwu: munthu amene wakhala pa maikolofoni akumveka bwanji, ndipo akumveka kwa yani. Ndikutero chifukwa pali mfundo imene amisiri a zamawu amaidziwa bwino, yomwe okonza zionetsero sakonda kuimva. Zotola zimene zimakopa maso kwambiri ndi zomwezo zimene zimawononga mawu, pamene zimene zimasamala mawu n'zosasangalatsa kuziona, ndipo zambiri zimakabisika m'kati mwa khoma. Munthu akangoona zimene womanga wasankha pamulu wa zotayidwa, wadziwa kale amene akumumangira kanyumbako.

Chipinda choulutsira mawu chimagwira ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale anthu ambiri amaziyesa imodzi. Yoyamba ndi kutsekereza phokoso la kunja kuti lisalowe. Yachiwiri ndi kumeza mawu a m'kati kuti asamagunde khoma n'kubwerera ku maikolofoni. Ntchito yoyambayo imafuna zinthu zolemera komanso kutseka mpata uliwonse. Kulemera kwa khoma kukawirikiza kawiri, phokoso lodutsa limangotsika ndi madesibelo pafupifupi 6, kutanthauza kuti pamafunika khoma lolemera ndithu kuti holo yodzaza ndi alendo isamveke m'kati. Za mipata ndiye zosachita kunena: ngati gawo limodzi mwa magawo 100 a khoma ndi lotseguka, khomalo silingachotse madesibelo oposa 20, ngakhale kwina konseko kutakhala kwa konkire. Tsopano taganizirani lata lozula pa denga lakale. Ndi lopepuka, limanjenjemera likangokhudzidwa, ndipo lili ndi mizere ya mabowo a misomali kuyambira kumwamba mpaka pansi. Aliyense amene anayesapo kumvera nkhani mvula ikugwa pa denga lopanda siling'i akudziwa zimene lata limachita ndi phokoso. Komabe lata la dzimbiri ndilo limatuluka bwino pa chithunzi cha m'nyuzipepala, motero ndilo limayamba kutoledwa.

Mnzake wa lata ndi thireyi ya mazira. Yasanduka chizindikiro cha situdiyo ya munthu wosauka m'matauni ambiri, chifukwa timapiri take timafanana ndi siponji yodula imene amamata m'masitudiyo akuluakulu. Kufananako kumathera m'maso. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo mawu a besi a bambo, onjenjemera maulendo 100 pa sekondi, funde lake limatalika mamita oposa atatu. Kakatoni kochindikala mamilimita ochepa sikangachite kanthu pa funde lotere. Chimene kamachita ndi kudyako timawu tapamwamba, tomwe timathandiza khutu kusiyanitsa "sa" ndi "fa", n'kusiya kugunda kwa pansi kuli chomwecho. Zotsatira zake woulutsa amamveka ngati akulankhulira mu mgolo. Kanyumbako kakakhala kakang'ono, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu zonse zofanana, vuto limakula chifukwa mafunde amtundu umodzi amaunjikana mbali zonse zitatu. Ndipo ku phokoso la kunja thireyi ya mazira siitsekereza n'komwe, popeza ilibe kulemera.

Zinthu zothandiza zilipo pamulu womwewo, kungoti sizidzionetsera. Chitseko chakale cha mlombwa kapena mbawa, chochokera pa nyumba imene akugwetsa, chimaposa chitseko chatsopano cha m'sitolo chomwe m'kati mwake ndi mphako. Mchenga wouma wothira m'matumba n'kuwasanja pakati pa matabwa awiri umapereka kulemera kumene kukufunika, ndipo chionetsero chikatha umakhuthulidwa. Makoma awiri osakhudzana, okhala ndi mpata pakati, amatsekereza phokoso kuposa khoma limodzi lolemera mofanana nawo. Zidutswa za matayala pansi pa kanyumba zimachepetsa mgugu wa mapazi a anthu odutsa. Mphira za machubu akale zomata m'mphepete mwa chitseko zimatseka kampata kamene kakanawononga ntchito yonse. M'kati, mabulangete otha ndi zovala za pakaunjika zimene zakanika kugulitsidwa, makamaka majinzi, amazipakira m'mafelemu akuya masentimita 10 n'kukuta ndi chiguduli. Nsalu yokutira amaiyesa poiika pakamwa n'kuuzira: mpweya ukadutsa mosavuta ndiye kuti mawu adutsanso n'kukamezedwa m'kati, ukakanika ndiye kuti nsaluyo izingobweza mawu. Zenera likhale la magalasi awiri osiyana kuchindikala, otalikirana. Kenako pali mpweya, womwe oyamba kumene ntchitoyi amauiwala. Chipinda chotsekeka bwino ku phokoso n'chotsekekanso ku mphepo, ndipo anthu atatu sangakhalemo ola lathunthu m'mwezi wa Okutobala pokhapokha patakhala njira yokhotakhota, yoyalidwa nsalu, yolowetsa ndi kutulutsa mpweya. Mwa zonsezi mlendo angaone chitseko, chiguduli ndi zenera basi. Luso lalikulu la womanga lakwiririka m'khoma.

Kwa ife muyeso woterewu si wachilendo. Babatoni ya Gasper Nali kapena ya a Madalitso Band ndi chida chopanga pamanja, cha mtengo, chikopa ndi chingwe chimodzi, ndipo yakwera nsanja za ku Ulaya. Palibe amene amaiwombera m'manja chifukwa chomvera chisoni zipangizo zake. Ikapanda kulira bwino, anthu a pamsika amangodutsa. Wopanga amasankha mtengo ndi chikopa pomvera kulira kwake, ndipo maonekedwe amatsatira pambuyo. Situdiyo ndi chida choimbira chachikulu chomwe munthu amalowamo, ndiye sindikuona chifukwa choipeputsira muyeso.

Pali zotola zina zimene siziyenera kulowa n'komwe, ndipo apa nkhani si ya kukoma kwa mawu. Matiresi akale a siponji amameza mawu ndithu, amapezeka mosavuta, n'chifukwa chake amakopa. Koma siponji ya mtundu umenewu ikagwira moto imayaka mwachangu n'kutulutsa utsi wakupha. Pa 20 February 2003 anthu 100 anafa mu kalabu ya The Station ku Rhode Island, m'dziko la America, moto utagwira siponji yomata m'makoma pofuna kuchepetsa phokoso. Mu Januwale 2013 zomwezo zinachitika mu kalabu ya Kiss ku Santa Maria, m'dziko la Brazil, ndipo anafa anthu 242. Kanyumba ka wailesi kali ndi khomo limodzi, mawaya a magetsi ndi makina otentha, ndipo pa chionetsero mumalowa ana a sukulu. Nazonso nsalu ndi makatoni zimayaka, choncho mawaya ayende m'mapaipi ndipo chozimira moto chikhale pafupi. Mapaleti a matabwa ali ndi zidindo zofunika kuwerenga: HT ndiye kuti anaphera tizilombo ndi kutentha, MB ndiye kuti anafukiza mankhwala a methyl bromide, ndipo otere ndi bwino kuwasiya. Malata akale a asibesito akadulidwa amatulutsa fumbi loyambitsa matenda a m'mapapo amene amaonekera patapita zaka zambiri. Utoto wakale wa pa zitseko ndi mafelemu nthawi zina umakhala ndi mtovu. Kalipentala amene akupala ndi kudula zinthuzi ndiye woyamba kupuma fumbilo, ndipo kawirikawiri dzina lake silikhala pa chikwangwani cha chionetsero.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo yoyamba ndi yakuti luso silikakamizidwa kugwira ntchito. El Anatsui wa ku Ghana amalumikiza zotsekera mabotolo a mowa n'kupanga zinsalu zachitsulo zokuta khoma lonse, ndipo palibe amene amafunsa ngati zingafundidwe. Moffat Takadiwa wa ku Mbare, mu mzinda wa Harare, amaluka mabatani a makiyibodi a kompyuta ndi misuwachi yotha, ndipo palibe amene amadandaula kuti sizilembanso. Pa documenta ya 2022 gulu la Wajukuu la ku Mukuru, dera la anthu osauka mu mzinda wa Nairobi, linamanga khomo la malata lomwe alendo ankadutsamo polowa mu holo ina, ndipo malatawo ankanena zoona za kumene opangawo amakhala. Ndiye bwanji kanyumba ka wailesi kokha kakhale ndi mlandu wogwira ntchito? Yankho lili pa maikolofoni. Nsalu ya Anatsui siitana munthu aliyense kuti abwere ndi nkhani yake. Khomo la Wajukuu linalonjeza kudutsamo kokha, ndipo anthu anadutsamo. Koma wojambula akaika mpando ndi maikolofoni, n'kuitana mayi wogulitsa pamsika kuti adzalankhule za misonkho kapena za madzi a m'dera lake, walonjeza kuti mayiyo amveka. Ngati mawu ake akumira mu phokoso la holo, kapena sakupita kulikonse kupatula pa sipika ya pakhomo, ndiye kuti mayiyo wasanduka chimodzi mwa zipangizo za chosemacho, pamodzi ndi lata ndi thireyi ya mazira. Wojambula amene akufuna chosema chooneka ngati situdiyo ali ndi ufulu wochipanga. Achitchule chosema, maikolofoni akhale ozimitsa, ndipo asaitane munthu.

Ndi bwinonso kuona mmene anthu amene anamangadi wailesi ndi zotola anachitira. Radio Zibonele ya ku Khayelitsha, kunja kwa Cape Town, inayamba mu 1993 ndi makina opanga pamanja, osungidwa kunsi kwa bedi m'kontena imene inali chipatala chaching'ono, ndipo inkaulutsa uphungu wa zaumoyo popanda chiphaso. Chaka chomwecho, pa 25 Epulo, Bush Radio ya mu mzinda womwewo inaulutsa mawu boma la tsankho litaikaniza chiphaso, ndipo pasanathe masiku ambiri akuluakulu a boma anadzalanda makina ake. Chiphaso inachipeza mu 1995. Kuno kwathu Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, mnyamata amene sanamalize sukulu ya pulaimale, anamanga wailesi ya Pachikweza ndi mawailesi akale, mabatire ndi mawaya. Mu Okutobala 2009 anamangidwa chifukwa choulutsa mawu opanda chiphaso, ndipo khoti linamulamula kulipira K50,000 kapena kukakhala kundende miyezi khumi. Anthu akufuna kwabwino anamulipirira, ena n'kumupezera malo a sukulu. Mwa onsewa palibe amene anataya nthawi kukongoletsa umphawi wa zipangizo zake. Nzeru zawo zonse zinathera pa funso limodzi, loti mawu afike bwanji ku nyumba ya kutsidya kwa mtsinje. Zotolazo zinali njira chabe, ndipo akanapeza zabwinopo akanazitaya tsiku lomwelo.

Pamenepa wotsutsa wachiwiri angati: koma masitudiyo a anthu amenewa analinso opanda makoma awiri ndi magalasi osiyana kuchindikala, ndipo omvera ankawakonda chomwecho, ndiye kulimbikira za madesibelo si kunyada kwa akatswiri kodi? N'zoona kuti omvera amakhululuka zambiri akamamva mawu a kwawo. Uthenga wa maliro kapena wa mbuzi yosowa umamveka ngakhale tambala akulira kumbuyo, ndipo maikolofoni yabwino yoyandikiza pakamwa imabisa zofooka zambiri za chipinda. Koma kumudzi tambala amalira n'kusiya, pamene holo ya chionetsero imasokosera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ili ndi makoma ouma ndi denga lalitali lobweza mawu. Komanso anthu aja anachita zimene akanatha ndi zimene anali nazo. Chionetsero chokhala ndi ndalama zolipira ndege, mahotela ndi mabuku a zithunzi chikasankha dala kumanga moipa kuti zioneke ngati za osauka, chikuchita sewero la kusowa kumene ena akukhalamo tsiku ndi tsiku. Ndipo pali kusiyana kumene sikuyenera kuiwalika: chimene chinamulowetsa Kondesi m'chitokosi n'chomwecho chimene chimamupatsa wojambula mbiri yabwino akachichitira m'nyumba ya zionetsero. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, lomwe linakhazikitsa bungwe la MACRA, linkafuna chiphaso kwa aliyense woulutsa mawu m'mlengalenga, monga limafuniranso limene linalowa m'malo mwake mu 2016, ndipo pali chifukwa chomveka, popeza malo a pa FM ndi ochepa ndipo makina osayezedwa amasokoneza ena. Wokonza chionetsero amene akufuna wailesi yeniyeni ayenera kuyamba ndi nkhani ya chiphasoyi asanagule msomali.

Ambiri amailambalala nkhaniyi poulutsira pa intaneti, ndipo iyi ndi mfundo yachitatu ya otsutsa: masiku ano foni ndi bando zakwana, chiphaso cha FM n'chachiyani? Wailesi ya documenta ya 2022 inali ya pa intaneti, yolumikiza mawailesi ang'onoang'ono a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kwa omvera a ku Kassel kapena Jakarta zimenezo zinali zokwanira. Pan African Space Station nayo imamveka pa intaneti, ndipo imasunga zimene yaulutsa kuti anthu azimverabe pambuyo, chinthu chimene mawailesi athu ambiri a m'madera sakwanitsa. Koma funso la amene akumva silichoka. Kumene bando ndi yodula ndipo mafoni ambiri ndi a mabatani, okhala ndi FM koma opanda intaneti yodalirika, wailesi ya pa intaneti yotchedwa ya anthu a m'dera imamvedwa ndi anzake a wojambula a ku Berlin kuposa anthu okhala kuseri kwa mpanda wa chionetserocho. Njira yabwinopo inaoneka pa documenta ya 2017, pamene okonza anagwirizana ndi mawailesi omwe analipo kale m'mayiko angapo, kuphatikizapo Cameroon, Colombia ndi Indonesia, kuti mapulogalamu azimveka pa mawailesi a komweko. Ifenso mawailesi otere tili nawo. Dzimwe ya ku Monkey Bay inayamba mu 1998 mothandizidwa ndi UNESCO komanso bungwe la amayi ogwira ntchito zofalitsa nkhani, ndipo pambuyo pake panabwera ena ku Nkhotakota, Mzimba, Mchinji, Nsanje ndi maboma ena. Ku Dzaleka, kumene chikondwerero cha Tumaini chinayamba mu 2014, kulinso wailesi ya Yetu. Mawailesi amenewa ali ndi chiphaso, mlongoti, omvera, magulu omvera wailesi m'midzi, komanso anthu odziwa chilankhulo ndi nkhawa za deralo. Kanyumba ka pachionetsero kakakhala situdiyo yongoyembekezera ya wailesi yotere, mawu ake n'kumatumizidwa ku situdiyo yaikulu, mavuto a chiphaso ndi a omvera amathera limodzi.

Palinso nkhani ya zenera, imene imaoneka yaing'ono koma ili ndi mbiri yowawa. Mu 1897, pa chionetsero chachikulu cha ku Brussels, anthu 267 a ku Congo anawaika m'midzi yongopeka ku Tervuren kuti azungu aziwaonerera, ndipo asanu ndi awiri anafera komweko. Mu 1958 mzinda womwewo unachitanso zofanana, anthu a ku Congo akugwira ntchito zamanja kuseri kwa mpanda alendo akuwayang'ana. Sindikunena kuti wojambula wa lero ali ndi mtima wa okonza zionetsero zija. Koma kanyumba kooneka ngati chisakasa, kokhala ndi galasi lalikulu, m'kati muli anthu osauka akulankhula, kunja kuli anthu a ndalama akujambula ndi mafoni, kayandikira kwambiri chithunzi chakale chija, kaya womanga anafuna kapena ayi. Mamangidwe akhoza kuchepetsa vutoli. Zenera likhale laling'ono, loti woulutsa aone kunja kuposa mmene akunja akumuonera. Katani ikhale m'manja mwa amene ali m'kati. Panja pakhale mabenchi ndi masipika kapena mahedifoni, oyang'ana kumbali, kuti mlendo akhale pansi n'kumvetsera m'malo moima n'kusuzumira. Chachikulu koposa, ndandanda ya mapulogalamu ilembedwe ndi eni wailesi, ngakhale zitatanthauza kuti ola lonse lithera pa mitengo ya feteleza kapena mafuno abwino a ukwati, zimene mlendo wa pachionetsero sizingamusangalatse. Pa chinyumba cha Hirschhorn ku Bronx, anthu a m'nyumba zomwezo ndiwo anamanga nawo, analipidwa, ndipo ndiwo ankalankhula pa wailesiyo. Hirschhorn mwini wake ankakhala pamalopo tsiku lililonse, osati kungobwera pa tsiku lotsegulira. Chinyumbacho sichinali pakati pa mzinda kumene kuli nyumba za zionetsero. Mlendo ndiye ankayenera kukwera sitima kupita kwa eni ake.

Hirschhorn yemweyo ndiye amapereka mfundo yovuta kwambiri kuyankha. Chinyumba chake chinatsegulidwa pa 1 Julayi n'kutsekedwa pa 15 Seputembala 2013, kenako chinaphwasulidwa. Iye wakhala akunena poyera kuti ndi wojambula, si wogwira ntchito zothandiza anthu, ndipo amakhulupirira kuti chinthu cha masabata khumi ndi limodzi chikhoza kukhala m'mitima ya anthu kuposa chipilala chamwala. Mfundoyi ndikuilemekeza pa laibulale, pa zokambirana ndi pa masewero a masana amene ankachitika pamenepo. Pa wailesi ndikukayika. Mphamvu ya wailesi ili m'chizolowezi, m'kudziwa kuti nthawi yakuti pa nambala yakuti pamveka mawu akuti, lero, mawa ndi chaka chamawa. Wachinyamata amene waphunzira kugwira mikisa kwa miyezi iwiri, n'kudzuka tsiku lina kupeza pabwalo pali udzu wokha, wapatsidwa njala imene sanali nayo. Komanso pali kusagwirizana koonekeratu pamene zinthu zopulumutsidwa kumtaya zikubwereranso kumtaya komweko patatha miyezi itatu, tsopano zitamatidwa guluu ndi utoto moti sizingagwirenso ntchito ina. Makampani a zionetsero amadziwa okha kuchuluka kwa zinyalala zimene amasiya. Pa chionetsero cha zomangamanga cha ku Venice mu 2023, nyumba ya dziko la Germany inasandutsidwa mosungiramo matabwa, nsalu ndi zitsulo zotsala pa chionetsero cha luso cha chaka chapitacho, kuti zigwiritsidwenso ntchito pokonza malo ena mu mzindawo. Anachita bwino, koma anali kutolera zimene ena anamanga osaganizira za mawa.

Kuganizira za mawa kumasintha mamangidwe kuyambira pa pepala. Pamafunika masikuluu ndi mabawuti m'malo mwa guluu ndi misomali, kuti khoma limasulidwe osathyoka. Chigawo chilichonse chikhale choti anthu awiri anyamule, chodutsa pa khomo wamba, chokwana mu lole yaing'ono, ndipo chilembedwe nambala. Womanga adziwe chipinda chimene kanyumbako kadzapite, muyeso wake ndi msinkhu wa denga lake. Izi sizichotsa luso. Kupanga chinthu chokongola ndi zitseko zisanu ndi chimodzi zosiyana msinkhu, chotsekeka bwino, chomasuka n'kumangikanso kwina, n'kovuta kuposa kukhoma malata a dzimbiri pa felemu, ndipo kukongola kotuluka m'mavuto amenewa n'kumene kumayenera malo m'chionetsero. Mlendo akhoza kuonetsedwanso zobisika zija: chigawo chimodzi cha khoma chisiyidwe chotsegula pambali, aone mchenga, mpata, majinzi ndi chiguduli, alowe m'kati, atseke chitseko, amve yekha kusiyana.

Chotsala ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene mgwirizano wa wojambula ndi wailesi umayesedwa. Zotola sizikhala zaulere monga anthu amaganizira. Pali wozitola, wozula misomali, wotsuka, wonyamula, ndipo nthawi zambiri ntchito yokonza thabwa lakale imaposa ya latsopano. Lata lakale lili ndi msika wake m'matauni athu, chifukwa wina akufuna kufolera khitchini, motero wojambula wogula malata ambiri akupikisana ndi munthu ameneyo. Onsewa alipidwe, ndipo mayina a amisiri alembedwe pamodzi ndi la wojambula. Kenako eni wailesi afunsidwe zimene akusowa, ntchito isanayambe. Mavuto a mawailesi a m'madera ndi odziwika: magetsi ozimazima, mafuta a jenereta, makina akale osowa wokonza, antchito ongodzipereka amene amachoka akapeza ganyu yolipira. Zikhoza kutheka kuti woyang'anira wailesi anene kuti chipinda ali nacho kale, chimene akufuna ndi mabatire, masola ndi mikisa yatsopano. Pamenepo kanyumba kamangidwe kocheperako, kongokwanira masiku a chionetsero, matabwa ake akhale oti adzasanduke matebulo ndi mashelefu, ndipo gawo lalikulu la ndalama lipite ku zipangizo zimene zidzakwere lole pa tsiku lotseka. Zimenezi zilembedwe m'pangano, ndi mndandanda wa katundu, dzina la wailesi yolandira ndi la amene adzalipire mayendedwe, zisanasindikizidwe zikalata zoitanira anthu ku mwambo wotsegulira.